Ndinatentha matepi a ba Sakala

Inu owerenga, munthu wosalakwa anachotsedwa ntchito chifukwa cha ine, ndipo ndinakhala chete mpaka anamwalira.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Kalingalinga. Ndinapeza ganyu yosesa pa yunivesite ina pamene ankakonza nyumba yakale yosungiramo zinthu zamakedzana kuti ikhale malo ophunziriramo amakono. Amisiri ankagumula zipupa zamkati, kuika mawindo aakulu ndi mawaya a makompyuta. Ine ndinkatola zinyalala n'kukazitentha kuseri.

Wosamalira zinthu zakalezo anali ba Sakala, bambo wachikulire wa ku Matero. Ankandigawira tiyi wa m'fulasiki yawo. Tsiku lina anandilozera bokosi m'kachipinda, nati, "Mwana wanga, iyi bokosi osaigwira. Muli mau ya bantu."

Mawuwo anandiopsa. Atatuluka ndinasuzumiramo: munali matepi akale, mikanda ndi kachigoba ka nkhope yoopsa. Pokhala munthu wopemphera, ndinati izi n'zamizimu, n'chifukwa chake mwana wanga wakhala akudwaladwala chiyambireni ntchito pano. Sindinafunse aliyense. Masana amisiri akudya, ndinakweza bokosilo pa wilibala n'kukaliponya pamoto.

Patapita masiku awiri akuluakulu a yunivesite anabwera kudzatenga matepiwo. Ndi pamene ndinamva kuti munali nyimbo ndi mbiri za nkhalamba zakumidzi, zimene ba Sakala anajambula adakali ndi mphamvu zoyenda. Akuluakuluwo ankafuna kuziika m'makompyuta kuti ophunzira azimvera. Nkhalambazo zinamwalira kale, ndipo matepi ena kunalibe.

Bokosilo litasowa, ba Sakala ananamiziridwa kuti analigulitsa kwa alendo. Ba Sakala anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kuweramira tsache langa. Anawachotsa ntchito. Tsiku lililonse ndinkati ndiulula mawa, koma ndinkaopa kumangidwa n'kusiya mwana yekha.

Nyumbayo isanatsegulidwe n'komwe, ndinamva kuti ba Sakala atisiya. Ndinapita kumaliro ku Matero n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Akazi awo anandigwira dzanja, nati, "Zikomo mwabwera. Benze kukukambani bwino." Nditamva kuti malemuwo ankandinena zabwino, ndinalira mpaka amayi ena kundigwirizira, osadziwa chimene ndinkalirira.

Abale anga, chinthu chimene simukuchidziwa, yambani mwafunsa musanachiwononge. Ndipo mukalakwira munthu, kapepeseni akadali moyo. Ine ndinakagwada pamanda awo n'kuulula zonse, koma panalibe wondiyankha.