Bokosi la Dorika m'Makina a Mayi Naima

Anthu akale a pa boma la Dedza amawadziwa a Naima kuyambira ali mtsikana wogulitsa mbatatesi yokazinga pa depoti ya basi. Sukulu anasiyira sitandade faifi. Anakwatiwa ndi a Latif, telala wofatsa amene anadzatsegula kagolosale m'mbali mwa msewu waukulu n'kulowetsamo foni. Chaka cha referendamu a Latif anamwalira, kuwasiyira a Naima ana atatu, golosaleyo ndi foni ija. Achibale anati agulitse zonse abwerere kumudzi, iwo anakana. "Kumudzi ndikadya nkhungu?" anatero, n'kupitiriza kuyeza shuga.

Foni ija ndiyo inawadziwitsa kwa anthu a m'midzi ya m'mapiri. Amuna ogwira ntchito kutali ankaimba pamenepo, a Naima n'kumasunga mauthenga m'mutu. Mu 1997 mchimwene wawo anabwera kuchokera ku Joni ndi makina oyankha foni. Munthu akaimba iwo atachokapo, kapena akafuna kuti mkazi wake amve mawu ake enieni, ankalankhula makinawo n'kusunga.

Poyamba makina ankalankhula mokweza, aliyense m'golosale n'kumamva. Tsiku lina anabwera Dorika, mtsikana wa Chikatolika wokwatiwa chatsopano, amene mwamuna wake Gerevazio ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu. A Naima atadina batani, Gerevazio anayamba kufotokoza mmene bulangete likumuzizirira popanda mkazi wake. Abambo awiri ogula sopo anaseka mpaka kugwira makoma. Dorika anatuluka ataphimba nkhope, osabweranso mwezi wathunthu.

Zimenezi zinawapweteka a Naima. Anakhala ndi mchimwene wawo mpaka atamvetsa kuti makinawo ali ndi mabokosi, ndipo bokosi lililonse litha kutsekedwa ndi nambala yachinsinsi. Anagawa mabokosiwo kwa mabanja, n'kuzimitsa zolankhula mokweza zija kuti mwini bokosi azimvera pakhutu. Iwo anatsala ndi nambala yaikulu yotsegula mabokosi onse, koma analonjeza pamaso pa Dorika kuti sadzaigwiritsa ntchito pa bokosi la munthu.

"Masiku omverana m'makoma anatha, mwananga," anamuuza. "Zako ndi zako."

M'mwezi wa Julaye chaka chotsatira, Dorika anali ndi pakati potopa. Anali atawauza a Naima kuti Gerevazio afika Lachisanu pa basi ya m'mawa kudzadikira mwana, ndipo iye adzamuchingamira pa golosalepo. Lachisanulo a Naima anatseka masana kupita kumzikiti kukaswali. Pobwerera anapeza kanyali ka bokosi la Dorika kakuphethira, kusonyeza kuti muli uthenga. Asanavule n'komwe juzi, analowa a Rafaelo, dalaivala wa lole ya kabichi.

"Mwamva za kumsewu, mayi? Basi ya m'mawa yochokera ku Kasungu yagubuduzika isanafike ku Lilongwe. Ndadutsapo ndekha. Ena awaphimba zitenje."

A Naima anayang'ana kanyali kaja. Nthawi ya pa makina inkasonyeza kuti uthenga unali utalowa ngozi itachitika kale. Akanatha kukhala Gerevazio, komanso akanatha kukhala apolisi kapena achipatala.

Kuno uthenga wa maliro suponyedwa ngati mwala. Umafikira kwa malume kapena azakhali, iwo n'kumukhazika munthu pansi, n'kuyamba ndi zakuti wodwala uja wafooka. Nanji mayi woyembekezera. Koma makina sadziwa mwambo, amangokhuthula zonse m'khutu. A Naima anaika chala pa mabatani, nambala yaikulu ili m'mutu. Akanamva okha, palibe akanadziwa. Koma akapeza zoipa, akanamuuza bwanji Dorika popanda kuulula kuti atsegula bokosi lake? Ndipo akapeza zabwino, mawa akanaletsa bwanji chala chomwecho? Anachotsa dzanja, n'kuyamba kupukuta kauntala yoyera kale.

Dorika anafika dzuwa litapendeka, akuyenda mogwira chiuno. Anali ndi azakhali ake a Victoria, amene anasenza dengu la nsawawa zokagulitsa.

"Mwaswera bwanji, amayi? Amuna anga afika, kapena mwawabisa kuseri kwa matumba a mchere?"

"Sanafike. Takhala pa benchipa, mwananga."

A Victoria anatula dengu pansi msangamsanga, n'kuwayang'ana a Naima m'maso. Akuluakulu amamvana popanda mawu.

"Sindikubisira," anatero a Naima. "Kwamveka kuti basi ina yachita ngozi ku msewu wa Kasungu. Sindikudziwa ngati a Gerevazio analimo. M'bokosi mwako muli uthenga, ndipo ine sindinaumve. Sindikufuna kuti uumve wekha uli chonchi. Koma bokosi ndi lako. Tandiuza, akumvere ndani?"

Dorika anagwira m'mphepete mwa benchi.

"Inu simunamvedi?"

"Mulungu ndi mboni."

Dorika anadzuka, kudina nambala yake, n'kupereka foni kwa a Victoria.

"Amve azakhali."

A Victoria anali asanagwirepo foni chibadwire. Anaigwira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda, a Naima n'kuwatembenuzira kuti mbali yomvera ikhale kukhutu. Nkhope ya a Victoria inachita tsinya, kenaka anapukusa mutu. Dorika anayamba kusisima.

"Tatonthola iwe," anatero a Victoria, foni ikadali kukhutu. "Mwamuna wakoyu ndi wolongolola bwanji. Akutukwana kondakitala."

"Ndi iwowo akulankhula?"

"Nanga ndani? Akuti wagula njinga yoti azikutengera kusikelo, kondakitala wakana kuikweza pamwamba, basi yamusiya. Wadikira ina mpaka masana, osabwera. Abwera mawa pa matola. Za ngozizo sakuzidziwa n'komwe, iye zake ndi njinga."

Dorika analanda foni, n'kudina kuti uthenga uyambirenso. Anamvera akuseka, misozi ikutsika. A Naima anangozindikira kuti akhala pa thumba la feteleza. A Victoria anachita chizindikiro cha mtanda, n'kunena kuti tiwakumbukire amene anakwera basi ija, poti nawonso ali ndi owadikira.

Sabata yotsatira a Naima anayamba kufunsa aliyense wokhala ndi bokosi funso limodzi: tsiku la mantha, akumvereni ndani? Makina ankalola kuti bokosi likhale ndi nambala yachiwiri, ndipo mwini wake asankhe zimene nambalayo ingachite. Ena anatchula malume, ena mlongo. Bambo wina wogulitsa anyezi anati asamve wina aliyense, a Naima n'kumusiya momwemo.

Dorika anabwera ndi Gerevazio, atamukweza pa njinga ija, kudzaika nambala ya a Victoria.

"Azingomva, kapena azithanso kufufuta?" anafunsa a Naima.

"Azingomva," anayankha Dorika. "Ngakhale zitakhala zoipa, akandikhazika pansi n'kundiuza, ndidzafuna kudzazimvanso ndekha."

A Naima anadina mabatani monga ananenera, n'kutembenukira kwa Gerevazio.

"Inunso bambo, mukamaimba muziyamba ndi kunena kuti muli moyo. Za kondakitala zizibwera pambuyo."