Tsiku limene a Bernadeta anatumiza ana kumjigo

Mukafunsa za a Bernadeta Onani pasukulu yathu, aliyense akuuzani kuti ndi mphunzitsi wabwino, ndipo sakunama. Ine dzina langa ndine Tobias. Ndaphunzitsa nawo zaka khumi ndi chimodzi, iwo Sitandade 3, ine Sitandade 4, chotilekanitsa khoma basi. Sukuluyo sinditchula dzina. Ili pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, mukapatuka pa tala n'kuyenda pang'ono kulowera kunyanja. Nkhani yawoyi ndikaikumbuka malovu amandiwawa m'kamwa, chifukwa inenso ndinali momwemo.

Anabadwira ku Mua, bambo awo anali osema ziboliboli. Amanena okha kuti ali mtsikana masamu ankawazunguza mutu, ndipo chinawapulumutsa n'kuloweza. Akaloweza sankaiwala. Atayamba uphunzitsi anabwera nayo njira yomweyo. Amuna awo anamwalira ana ali aang'ono, ndipo analera okha ana atatu, uku akupalasa njinga m'mawa uliwonse, kaya ndi kutentha kwa Okutobala kaya matope a Febuluwale. Ine sindinawaonepo atajomba.

Kalasi yawo inali yotchuka. Ana oposa handiredi atakhala pasimenti, iwo akangoti, "Seveni kuphatikiza faifi?" yankho linkachita kugwedeza malata: "Thwelofu!" Ahedi athu, a Laisoni, ankamwetulira ali mu ofesi. Ifenso tinkati eee, kuphunzitsa ndiye kumeneku. Koma ana omwewo akafika kwa ine, ena sankatha kundiuza kuti chachikulu n'chiti pakati pa naini ndi sikisi. Ndinkangoti aiwala pa holide. Uchitsiru wangawo!

Mu Okutobala chaka chatha bungwe lina linaitana mphunzitsi mmodzi pasukulu iliyonse ya m'dera lathu. Anali maphunziro a sabata yathunthu ku Golomoti, ophunzitsa kuzindikira ana amene masamu akuwavuta ndi kuwathandiza. Kwathu kunapita a Bernadeta. Tisanamizane, ambirife maphunziro otere timapitira mpunga wa nkhuku. Koma iwo anabwerako nkhope itagwa.

"A Tobias," anandiuza Lolemba m'mawa, "zaka twente-folo zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa phokoso."

Anati kumeneko anawauza kuti asiye kufunsa gulu. Aziitana mwana mmodzi, akhale naye pansi, amupatse timiyala kapena zitsekerero za mabotolo, amuuze kuti atengepo seveni, ndipo aziyang'ana manja ake osati pakamwa. Anachita zimenezo masabata atatu, nthawi ya buleki, pansi pa mlambe wa kuseri kwa kalasi. Anapeza ana sate-wani amene ankangoyendetsa milomo anzawo akamayankha. Analemba mayina awo papepala monga anawaphunzitsira, vuto la aliyense pambali pa dzina lake.

Dzina loyamba linali la Pempho, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wamtali kuposa anzake onse, amene anali atabwereza Sitandade 3 kawiri. Kuwerenga Chichewa ankatha bwinobwino. Koma ukamupatsa timiyala naini, n'kutisakaniza iye akuona, ukamufunsa kuti tilipo tingati tsopano, ankayambiranso kuwerenga. Apeze eyiti, kenako teni, thukuta lili kamukamu. Mayi ake anali atanena kale pamaso pa ahedi kuti chaka chino n'chomaliza, mwanayu akapanda kusintha azikathandiza kumpunga.

A Bernadeta anayamba kutsala ndi ana aja ola limodzi anzawo akaweruka. Ndinkawaona pa windo, atayala chitenje pansi pa mlambe uja, zitsekerero zili mbwee. Tsiku lina mu Malichi analowa m'kalasi mwanga osaodira n'komwe.

"A Tobias, Pempho wachotsa sikisi pa fifitini yekha! Yekha, ndikukuuzani!"

Ankasangalala ngati kwawo kwabadwa mwana. Koma ana sate-wani kwa munthu mmodzi ndi ambiri. A bungwe aja anali atalonjeza kuti mu Meyi adzayendera sukulu zonse, ndipo kumene adzapeze ana ambiri ovutika adzabweretsa zipangizo n'kuphunzitsanso aphunzitsi ena awiri. A Bernadeta ankangowerenga masiku.

Tsono ife aphunzitsi tili ndi chizolowezi chathu, ndipo ndichinena ngakhale anzanga andide. Kukamabwera alendo timasesa. Timasesa bwalo, timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndipo timasesanso ana. A yunifolomu timawaika kutsogolo, a zong'ambika kumbuyo, ndipo amene angatichititse manyazi timawapezera ntchito panja. Tinazipeza choncho, ndipo palibe amene amaziona zachilendo.

M'mawa wa tsiku la alendo a Laisoni anafika pakhomo la Sitandade 3 atavala jekete, pepala la mayina lija lili m'manja. Anali atalipempha dzulo lake, ati akufuna kungoliona.

"Madamu, mwatipeputsira ntchito," anatero. "Zaka zonsezi timachita kulota kuti ofooka ndi ati, lero tili ndi mayina. Awa onse atenge ndowa apite kumjigo wa kutsidya. Asabwere mpaka galimoto itachoka."

"Koma ahedi, alendowo akubwerera ana omwewa," anatero a Bernadeta.

"Akubwera kudzaona ngati maphunziro aja anagwira ntchito. Mukufuna akalembe kuti sukulu ya Laisoni ili ndi mbuli sate-wani m'kalasi imodzi? Akuluakulu akawerenga zimenezo mukayankha ndinu? Itanani mayina."

Ine ndinali pakhomo langa ndipo ndinamva zonse. Ndinalankhula? Ayi. Ndinkayang'ana nsapato zanga ngati ndazigula kumene. Ana onse maso anali pa a Bernadeta. Kwathu kuno ahedi sutsutsana nawo pamaso pa ana, tinaleredwa choncho. Analandira pepala lija, n'kuyamba kuitana mayina limodzilimodzi. Pempho anaimirira woyamba akumwetulira, poti masiku onse dzina lake likatchulidwa papepala limenelo kunkakhala kupita kumlambe. Atamva za ndowa anangoti, "Chabwino madamu," n'kutsogolera anzake.

Alendo anafika atatu pa galimoto yoyera. Kalasi inayankha ngati kwaya ya pa Pasaka. Mayi wina mwa alendowo anaitana ana asanu mmodzimmodzi n'kuwapatsa zitsekerero, ndipo onse anakhoza. Akanalephera bwanji? Kenako anafunsa kuti nanga ana ovutika aja ndi ati. A Bernadeta asanatsegule pakamwa, a Laisoni anali atayankha kale.

"Onse anasintha, mayi. Madamu athuwa ndi katswiri."

Alendo anali ndi sukulu zina zinayi zoti ayendere tsiku lomwelo, ndiye sanafufuze zambiri. Anati tiwaombere m'manja a Bernadeta, ndipo tinaomba. Inenso ndinaomba, ndi manja omwewa. Zonyansa! Analemba kuti sukulu yathu sikufunika thandizo, ndipo zipangizo zija zinapita kwina.

Chimene a Laisoni sanaganize n'chakuti mjigo wa kutsidyawo uli m'mbali mwa njira yopita kuminda ya mpunga. Cha m'ma teni koloko make Pempho anadutsa pamenepo ndi khasu paphewa. Anapeza mwana wawo atakhala pa ndowa, dzuwa likuswa mtengo. Atafunsa kuti mukutani pano nthawi ya sukulu, ana sanabise: "Atibisa, kwabwera alendo." Mayiwo anamudzutsa Pempho, ndowa ya sukulu anaisiya pomwepo, n'kupita naye kumunda.

Ana enawo anabwerera, ndipo a Bernadeta amatsala nawobe mpaka lero, okha, ndi zitsekerero zomwe amatola pamsika. Pepala sapatsanso munthu aliyense. A Laisoni akadali ahedi, ndipo ife timawapatsabe moni wa manja awiri, ine woyamba. Koma Pempho mawa lake sanabwere, ndipo sabata inatha malo ake ali pululu.

Loweruka a Bernadeta anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa make Pempho. Tinawapeza kumunda, mpunga utayamba kucha. Pempho anali pachulu akumenya chitini kuingitsa mbalame. Atationa anatsika, n'kugwada kutipatsa moni. Mayi ake sanatiyalire ngakhale chiguduli.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa," anatero a Bernadeta. "Mwanayu anayamba kugwira. Mayeso atsala miyezi iwiri yokha. Mundipatse miyezi iwiri imeneyo."

"Madamu, ine sukulu sindinapite," anayankha make Pempho, "koma si chitsiru. Munandiuza nokha kuti kukubwera anthu odziwa kuthandiza ana ngati wangayu. Ndinamuchapira diresi. Anthuwo atabwera, inu munamutumiza kumjigo. Ngati n'kutunga madzi, kwathu ndowa ilipo. Ngati mwana wanga ndi wochititsa manyazi, msiyeni azindichititsa ine amene ndinamubereka."

"Anali ahedi, mayi," ndinatero ine, ati kuthandiza.

"Dzina anaitana ndani?"

A Bernadeta anachonderera, anachita kugwada pamatope, mayi wamkulu ngati uja. Make Pempho anangotembenuka n'kulowa mumpunga, ndipo sanachewukenso. Tinanyamuka. Pempho anatiperekeza mpaka pamene tinasiya njinga, chitini chili m'manja. A Bernadeta akumanga chitenje kuti akwere, mwana uja anafunsa motsitsa mawu.

"Madamu, alendo aja anationa?"

"Sanakuoneni, mwananga."

Pempho anapumira m'mwamba, nkhope yake n'kumasuka.

"Ndiye bola. Ndinawauza anzanga kuti galimoto ikamadutsa tigone pansi kuseri kwa chitsamba, kuti inu musachite manyazi. Tinabisala bwino eti, madamu?"