Doilo la Pa TV Yathu

Chaka chatha mnzanga wa kuntchito ananditumizira chilengezo pafoni, cha mpikisano wolemba sewero la pa wailesi ya kanema. Lamulo lalikulu linali lakuti sewerolo likhale loti banja lonse lingaonere pamodzi, makolo ndi ana, popanda wina kugwetsa nkhope pansi. Ndinaseka ndekhandekha mu ofesi yathu ku Mandala. Ndinati izi ndiye zanga, pakuti pa nkhani ya zoyenera kuonera ndi zosayenera, ine ndinaphunzira kwa katswiri. Katswiriyo ndi amayi anga.

Ndinakulira ku Mbayani, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe munthu ukayetsemula aneba ankakufunsa za chimfine m'mawa mwake. Ababa anali dalaivala wa lole pa sitolo ina ya amwenye yoodetsa katundu ku Limbe. Tsiku lina anabwera ndi TV yakale, yamimba kumbuyo, pamodzi ndi deki yake, abwana awo atagula zatsopano. Amayi anaipukuta ngati khanda, n'kuilukira doilo la ulusi woyera loti lizikhala pamwamba pake.

Loweruka ababa ankaweruka masana. Akasamba n'kuvala zapakhomo, ife tinkathamangira kumsika kukabwereka tepi ya filimu. Ife tinkafuna zomenyana, koma ndalama inali yawo, ndipo iwo ankakonda zachikondi, zija zokhala ndi nyimbo zazitali. Pobwera tinkapeza ana a aneba atadzaza kale pakhomo. Anafe tinkakhala pamkeka kutsogolo, mothithikana, pomwe ababa ndi amayi ankakhala kumbuyo kwathu pa kasofa ka anthu awiri kotsamira khoma.

Amayi zoipa ankazinunkhiza zikadali kutali. Nyimbo ikangoyamba kufewa, mwamuna n'kuyamba kusendera kwa mkazi, iwo anali atadzuka kale. Ankadutsa pakati pathu, kutiponda zala, n'kugwetsera doilo lija kutsogolo kwa galasi, kenako n'kubwerera pampando wawo. Mawu sankazimitsa chifukwa batani lake linathyoka kale kwa amwenye komweko. Ndiye nyimbo inkangolira, anthu akupsompsonana kuseri kwa nsalu, ababa akutsokomola kumbuyoko ngati atsamwa ndi mtedza.

Chimene amayi ankaoneka kuti sakuchidziwa n'chakuti doilo ndi chinthu cha mabowo. Tonse tinkatong'ola maso, ena kutsinzina diso limodzi, kusakasaka m'timabowomo. Tinkangoona kakhutu, pena kachigongono, pena mtundu wa diresi. Achemwali anga ankalumbira kuti iwo aona zonse, koma linali bodza. Ndipo nkhanza za amayi zinalibe malire. Tsiku lina anaphimba TV mwamuna akungopatsa mkazi ambulera pamvula. Tinadandaula chamumtima, koma panalibe wolimba mtima woti n'kutsutsa.

Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Ndimasowa fungo la mafuta a mandasi amene amayi ankakazinga kuti akagulitse, kutentha kwa m'nyumbamo, ndi mkuwo wa ana onse magetsi akathima filimu ili pakati.

Choncho pa mpikisano uja ndinalemba za banja la dalaivala ndi mkazi wake wogulitsa mandasi. Ndinkalemba ndikaweruka, kunyumba kwanga ku Limbe, ndipo zinkayenda ngati madzi. Nditamaliza ndinapatsa mnzanga uja kuti awerenge, ndikuyembekeza kuti andiombera m'manja. Anandibwezera mapepala nthawi ya nkhomaliro, akupukusa mutu.

"Sisi, nkhaniyi ndi yabho," anatero, "koma anthu awiriwa amakondana? Akungokambirana za makala ndi fizi basi. Akukhala ngati landilodi ndi tenanti wake."

Ndinaseka naye, koma mawuwo anandilasa. Anthu awiriwo sindinawapeke. Ndinangokopera makolo anga monga ndinkawaonera. Ine sindinaonepo ababa atagwira amayi ngakhale paphewa. Popita ku ukwati kapena kumaliro, ababa ankatsogola, amayi pambuyo. Ankaitanana kuti "inu", mwaulemu ngati anthu okumana kubanki. Ukwati wawo anaukonza ndi akuluakulu kumudzi, eni akewo atangoonana pang'ono. Ababa anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo funso limene ndinkalizemba kuyambira pamaliro awo tsopano linali pa tebulo langa. Kodi ababa ankawakonda amayi? Ndinkaopa kuti mwina amayi anatha moyo wawo wonse akuphikira tiyi mlendo waulemu.

Ndinayesa kukonza sewerolo. Ndinalemba kuti dalaivala akukumbatira mkazi wake pakhomo, koma doilo linagwa m'mutu mwanga momwemo, ndipo ndinafufuta. Ndinalemba kuti wamugulira maluwa, n'kuona kuti zimenezo n'za anthu olemera a ku Namiwawa. Amayi anga ukawapatsa maluwa angakufunse ngati amathira nsinjiro. Tsiku lotsekera mpikisano linkayandikira, anthu anga awiri akadali pa nkhani ya makala.

Loweruka lina masana ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kutsetsereka wapansi kupita ku Mbayani. Amayi akadali m'nyumba yomwe ija, anakana kusamuka. TV yamimba inafa kalekale. Achemwali anawagulira ina yopyapyala yopachika pakhoma, yopanda pokhalira doilo, ndiye doilolo linasamukira pa kasofa, lachikasu tsopano ndi ukalamba. Amayi ndinawapeza atakhala pa kasofako, mbali yawo ya kumanzere. Mbali ya ababa sakhalapo munthu, ndipo inenso ndinangoyala mkeka pansi monga kale.

Mwana safunsa mayi ake ngati ankakondedwa. Pakamwa pangakhale polemera. Ndiye ndinangoti ndabwera kuti andimvere sewero langa, aone ngati muli zofunika kuphimba. Ndinawerenga mokweza, ndikusintha mawu, pena amuna pena akazi. Amayi ankamvetsera akusankha mpunga m'lichero.

"Zophimba mulibe," anatero nditamaliza. "Koma anthu akowa adandaulitsa. Anayambana?"

"Sanayambane, amayi. Ndi mmene amakhalira."

"Banja lanji lokhala ngati ali pamzere wa kuchipatala?"

Apa mtima unandipweteka, ndipo ndinayankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira. "Ine ndalemba zomwe ndinkaona m'nyumba muno."

Amayi anaika lichero pambali. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa, koma nditadzutsa mutu ndinaona akumwetulira, kumwetulira kwina kwake komwe sindinkakudziwa, kwa mtsikana.

"Unkaona? Iwe unkaona chiyani, maso ali pa doilo?"

Sindinamve msanga. Iwo anatenga doilo lija, n'kuliyala pamiyendo, kumalisalaza ndi dzanja.

"Ukuganiza kuti sindinkadziwa kuti lili ndi mabowo? Ndinaluka ndine. Nyumba iyi ukuiona wekha kuchepa kwake. Ana anga, ana a eni, maso ponseponse kuyambira m'mawa. Koma ndikangogwetsa ichi, nonse munkasanduka miyala. Panalibe ndi mmodzi yemwe wocheuka."

Kenako anatambasula dzanja lawo lamanja, lija lokhala ndi zipsera za mafuta a mandasi.

"Bambo ako ankanditenga dzanja ili. Ankawerenga zipserazi chimodzichimodzi ndi chala chawo, akapeza chatsopano n'kumachipepesa kukhutu kwanga. Ine ndiye wosachedwa kuseka. Chifuwa chija unkamva sichinali chifuwa ayi, ankabisa kuseka kwanga."

"Nanga tsiku la ambulera lija?" ndinafunsa. "Palibe choipa chinkachitika."

"Bambo ako anali atachokera ku ulendo wautali sabata imeneyo," anayankha. "Ndikanadikira mpaka liti kuti anthu a m'filimuwo ayambe zawo?"

Ndinaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha, misozi yokha n'kutsala. Ndinalira ngati mwana, mutu uli pa maondo a amayi. Ndinalirira ababa, amene ndinkawayesa munthu wouma mtima, chonsecho ankatituma matepi a nyimbo zazitali akudziwa chimene akuchita. Ndinaliranso ndi chisangalalo, chifukwa katundu amene ndinamusenza kuchokera pamaliro awo anali atatsika. Amayi anandisisita kumutu n'kundiuza kuti ndisiye zachibwana, aneba angaganize kuti kwagwa zovuta.

Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu, pomwe anyamata owotcherera mageti anali pa phokoso lawo la masiku onse.

"Ukalemba, dzina langa lisaoneke," anatero. "Koma chifuwacho usachiiwale."

Ndinalemba chigawo chatsopano tsiku lotsatira, ndipo mulibe mawu olankhula ngakhale amodzi. Banja likuonera filimu. Mayi akudzuka, akuphimba TV, akubwerera pampando. Ana onse akusuzumira m'mabowo. Kamera siyang'ana TV ayi, ikutembenuka pang'onopang'ono kudutsa mitu ya ana, mpaka pa manja awiri ali pa sofa. Bambo akutsokomola. Mnzanga wa kuntchito atawerenga anangopita kukaima pawindo kwa kanthawi.

Mpikisanowo sindinapambane. Anapambana ena, ndipo ndikukhulupirira kuti analemba zabwino. Amayi nditawauza anati mwina oweruzawo anakulira m'nyumba zazikulu. Sewerolo lili m'kabati, ndipo mwina tsiku lina lidzaoneka pa kanema, amayi adzaonere ali mbali yawo ya kumanzere.

Koma chinthu chimodzi chinasintha mwa ine. Masiku ano ndikakhala mu minibasi, kaya pamzere kubanki, bambo wina wachikulire akatsokomola kumbuyo kwanga, ndimacheuka.