Nthenda Imene Inabisala mu Mtima wa Madina

Tsiku limene sizasi inamupulumuka m'manja, Madina ankadula nsalu ya diresi pakhonde la shopu yake ku Ndirande. Anawerama kuti aitole, dzanja lamanja n'kukana. Anayesa kuitana mnzake, koma mawu anatuluka opotoka ngati a munthu woledzera. Anali ndi zaka 31 zokha.

Apa n'kuti atadwala miyezi iwiri. Thupi linkatentha madzulo alionse, kukacha n'kuzizira. Kukiliniki anamuyeza malungo katatu osawapeza. Kwina anati ndi taifodi. Kwina anamuuza kuti apereke makhololo, TB osapezekanso. Buku lake la kuchipatala linkadzaza, iye akungowonda.

Ndiye panali zina zosamvetseka. Pansi pa zikhadabo panatuluka timizere tofiirira ngati tizitsotso. Kunsonga kwa zala kunatupa timibulu topweteka. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Akakwera kamtunda kopita kwawo, ankapuma wefuwefu ngati wasenza thumba la simenti.

Apongozi ake ankati walodzedwa ndi matelala anzake. Aneba ankati ndi shuga. Mwamuna wake Yusuph, wowotcherera zitsulo, ankangomugulira makapisozi, osadziwa kuti amvere ndani.

Tsiku la sizasi lija, atathamangira naye kuchipatala chachikulu, madokotala anawauza kuti ndi sitiroko. Koma BP inali bwinobwino, shuga analibe.

"Adokotala, ife tinayamba ndi malungo, kenako taifodi, lero mukuti sitiroko," anatero Yusuph. "Nanga mawa mudzati chiyani?"

Dokotalayo anali mayi wa ku Karonga, dzina lake Tuntufye. Madina, amene ankalephera kulankhula bwino, analoza chikwama chake ndi dzanja lamanzere, n'kulozabe mpaka Yusuph anatulutsamo kope lolembamo miyezo ya makasitomala. Kumapeto kwa kopelo, Madina anali akulemba tsiku lililonse limene thupi latentha ndi chilichonse chachilendo chimene waona. Ankaona kuti aliyense akumva kachigawo chabe ka nkhani yake, ndiye anafuna kuti wina adzaimve yonse.

Dokotala anawerenga tsamba ndi tsamba, n'kuima pamzere woyamba.

"Munazulitsa dzino thupi lisanayambe kutentha?"

Madina anagwedeza mutu kuvomera.

"Muli mwana, munadwalapo zilonda zapakhosi, kenako mawondo n'kutupa?"

"Sitandade... faifi," anatero movutikira.

Yusuph anasokonezeka kwambiri. Mkazi wake wapuwala dzanja, dokotala akufunsa za dzino ndi mawondo a kalekale?

Dokotala anaika chomvetsera pachifuwa cha Madina, n'kukhala nthawi yaitali atatsinzina.

"Mumtima muli tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, timati mavavu," anatero. "Kamodzi mwa tanu sikakutseka bwino. Ndikumva magazi akuthawira. Ndikuganiza kuti pakhala tizilombo, koma tiyenera kutipeza kaye."

Anamutenga magazi katatu, malo osiyana, nthawi zosiyana, n'kuwathira m'timabotolo kuti aone ngati mungamere tizilombo. Atatero anamuyambitsa mankhwala a mudiripi.

Panapita masiku awiri, ku labu kuli zii. Dokotala anati mwina makapisozi aja anafooketsa tizilomboto moti tikuchedwa kuoneka. Yusuph anagwira mutu. Madina analira.

"Nditengeni ndizipita kwa ana anga," anauza mwamuna wake. "Ndatopa n'kuyezedwa zinthu zosapezeka."

Yusuph anayamba kulongedza mabulangete. Koma atafika pakhomo la wodi, Madina anaima, n'kuyang'ana dzanja lake lolendewera lija.

"Ayi, bwezani. Ndikapita, ana adzafunsa chimene chinandipha, inu mudzasowa choyankha."

Mawa lake anamujambula mtima. Anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo. Pa sikirini panaoneka zakuda ndi zotuwa zikungogwedera, Madina osatolapo kanthu. Dokotala analoza kanthu kakang'ono kopendeka uku ndi uku ngati ulusi wotsalira pamsoko.

"Ndi aka. Vavu yanu inawonongeka ndi nthenda ya ubwana ija. Tizilombo tam'kamwa tinalowa m'magazi, n'kumanga chisa pamenepa. Kachidutswa kanathothoka n'kukatseka mtsempha muubongo, ndiyo sitiroko ija. Nthenda yomweyi ndi imene yavulaza impso ndi zala."

"Ndiye dzino, mkodzo, zala, dzanja, zonsezi nthenda imodzi?" anafunsa Yusuph.

"Imodzi, bambo."

Tsiku lachinayi, ku labu anatipeza tizilombo tija, tamtundu wam'kamwa ndithu.

Mankhwala ake anali a masabata asanu ndi limodzi. Sabata yachiwiri thupi linasiya kutentha, achibale n'kuyamba kunena kuti wachira, azituluka. Dokotala anachenjeza kuti akasiyira panjira, vavu ingabooke, mtima n'kulephera kupopa magazi, kapena sitiroko ina ingabwere. Madina anakhala. Mikono inatupa ndi majakisoni, koma sanaphonye ngakhale limodzi.

Ali pabedipo anaitanitsa singano ndi mabatani. Kulowetsa ulusi ndi dzanja lamanzere kunamutengera masiku atatu. Batani loyamba analisoka chopendama, pa juzi ya mayi wa bedi loyandikana nalo. Mayiyo anaivala monyada wodi yonse ikuombera m'manja.

Lero padutsa zaka ziwiri. Dzanja lamanja linabwerera pang'ono, silinafike mwakale. Vavu ija ikadali yowonongeka, amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo anamuuza kuti mwina tsiku lina adzafunika opaleshoni. Liti, sakudziwa. Koma pakhonde paja tsopano pali makina atatu, ndipo amayi awiri amene anawaphunzitsa yekha amasoka naye mayunifomu a ana asukulu a ku Ndirande ndi ku Machinjiri.

Inu amene mwazungulira zipatala, wina akunena izi wina izo, mpaka mwayamba kudzikayikira nokha, kusapezeka kwa nthenda sikutanthauza kuti mukunama. Bwereraninso. Fotokozani zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zooneka ngati zosagwirizana. Akakupatsani mankhwala, malizani. Mungatope, mungalire, koma musataye mtima yankho lisanapezeke.