Tinapita Nawo Pangolo Kukaona Nyenyezi

Phulusa la mapesi likathiridwa madzi limakhala ndi fungo lakelake, lokanda pang'ono kukhosi, ndipo kwa ine fungo limenelo ndi la chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi. Kwathu, kum'mawa kwa Mtunthama, nazale za fodya zinkakhala kudambo. Tinkaunjika mapesi pamabedi n'kuwatentha, kenako n'kufesa, n'kuphimba ndi udzu. Kuyambira pamenepo moyo wonse unkakhala wa keni yothirira ndi chitsime. Tambala woyamba akalira, Amayi ankandigwedeza phewa, ine n'kufunda chitenje, tonse n'kutsetsereka mumdima makeni akutigunda m'miyendo. Chitsime chinali chimodzi cha mabanja asanu, ndipo pofika Novembala madzi ankangosonkhana usiku wokha. Wofika mochedwa ankapeza matope.

Zaka zam'mbuyo ntchito imeneyi inali ya Ababa. Koma chaka chimenecho anali atadwala kuyambira nthawi yokolola. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako thupi linayamba kutha, mpaka lamba wawo anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Masana ankagona pamphasa m'chigafa chopanda fodya, momwe mphepo inkadutsa bwino, wailesi ili pafupi ndi khutu. Palibe amene ankatchula dzina la matendawo. Obwera kudzazonda ankangofunsa kuti, "Mwaswera bwanji, a Mbewe?" iwo n'kuyankha kuti aliko pang'ono, nkhani n'kutembenukira ku mvula imene inkachedwa.

Ababa anali mlimi ngati wina aliyense, kupatula chinthu chimodzi chimene anthu ankawaseka nacho: ankakonda nyenyezi. Sukulu anailekeza fomu 2, koma kumwamba ankakuwerenga ngati munda wawo. Ndi iwo amene anandilozera Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Nthanda, ndili wamng'ono woti n'kundikweza paphewa. Anali ndi anzawo awiri okonda zomwezo. Mmodzi anali a Nyirenda, mphunzitsi wa sayansi pasekondale yoyendera, munthu wamtali wakumpoto amene Chichewa chake chinkamveka ngati akuimba. Wina anali Mayi Kamanga, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwathuko, amene anali ndi kamera ya filimu yoimika pamiyendo itatu yachitsulo. Mwezi ukakhala kuti palibe, atatuwa ankakumana pachulu chachikulu cha m'munda mwathu, pomwe panalibe mtengo wotchinga ndipo dziko linkaoneka lathyathyathya mbali zonse. Chiyambireni kudwala, Ababa anali asanapitekonso.

Lamulungu lina masana a Nyirenda anafika panjinga, nyuzipepala ataipinda m'thumba la malaya. Anakhala pachitsa m'chigafamo n'kuwawerengera Ababa kuti pakati pa mwezi, m'bandakucha, nyenyezi zidzathothoka zambirimbiri, zoti munthu angathe kufa ndi ukalamba osazionanso. Ine ndinali pafupi ndikutsuka makeni. Ndinaona Ababa akudzuka okha n'kukhala tsonga, chinthu chimene anali asanachite kwa milungu ingapo.

"Ndipita," anatero.

"Akulu, tidzakuuzani zonse tikabwerako," anatero a Nyirenda.

"Zouzidwa ndatopa nazo, aphunzitsi. Ngolo ilipo."

Amayi anakana. Anati mphepo ya m'bandakucha idzawalowa m'chifuwa, anati anthu adzati chiyani akamva kuti wodwala anamutulutsa mumdima kupita naye pachulu, anatinso mbande sizingadumphe tsiku osathirira. Ababa sanatsutse chilichonse mwa zimenezi. Ankangotuluka madzulo aliwonse, atagwira khoma, n'kuyang'ana kumwamba. Mudzi wonse unkapempherera mitambo, ndipo m'tchalitchi akulu a mpingo ankatchula mvula m'pemphero lililonse. Iwo okha ankasangalala kukakhala mbee, ndipo ndikudziwa kuti Amayi zinkawapweteka.

Ine mantha anga anali ena. Kusukulu ndinauza mnzanga wina za nkhaniyi, ndipo iye anandiyang'ana modabwa kuti sindinkadziwa. Anati nyenyezi ikathothoka ndiye kuti kwinakwake munthu wamwalira. Ndinayenda nazo zimenezi masiku anayi osauza munthu. Ndinkawerengera chonchi: ngati zidzagwe zambirimbiri, sizingatheke kuti ya Ababa isakhalepo. Koma akakhala m'nyumba, pansi pa denga, mwina sidzawaona.

Madzulo oti mawa lake ndiye tsikulo, ndinamva Amayi akufunsa Ababa kuchipinda motsitsa mawu kuti, "Ndiye madzi a mawa tiwasiye?" Yankho sindinalimve. Patapita kanthawi anatuluka, n'kukatenga bulangete lolemera lija losungira alendo, n'kuliyanika pafupi ndi moto. Ndinadziwa kuti alola. Kusanade kwenikweni ndinazembera kukhola, ndinazula zikeyi zonse zinayi pagoli, timitengo tija togwira khosi la ng'ombe, n'kukazibisa pansi pa nkhokwe.

Tambala asanalire, panja panamveka belu la njinga ndi mawu a alendo. Ndinagona chete ndikumvetsera. A Nyirenda anatulutsa ng'ombe, kenako kunamveka kufunsana, tochi ikuyendayenda pabwalo. Amayi anafufuza kukhola, kukhitchini, ngakhale m'ngolo momwemo. Mayi Kamanga anati mwina ayese kuwakweza panjinga, koma onse ankadziwa kuti Ababa sakanatha kudzigwirira. Nthawi inkapita. Kenako ndinamva dzina langa, osati mokuwa.

"Tadala, bwera kuno."

Ababa anali atakhala pamphepete pa bedi, atavala kale jekete ndi chipewa chaubweya, nsapato zili kuphazi zingwe zosamanga. Kandulo inkawaunikira mbali imodzi ya nkhope. Sanandifunse ngati ndinali ine. Anangofunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo ine ndinalira n'kunena zonse zimene mnzanga uja anandiuza.

"Si anthu amene amagwa," anatero. "Ndi timiyala, tina tating'ono ngati njere ya fodya. Timapsa tisanafike pansi. Nyenyezi zenizeni zimakhala pomwe zili. Mawa madzulo udzaziwerenge, udzapeza zonse zilipo."

"Ndiye simufa?"

Anangotambasula phazi.

"Ndimangire nsapatozi, ukatero ukatenge zikeyi. Kukucha."

Mpando wawo wa ndalema anaukweza m'ngolo n'kuumangirira ndi chingwe, ndipo a Nyirenda anawanyamula Ababa m'manja ngati mwana n'kuwakhazika pamenepo. Amayi anawakulunga bulangete lija, n'kutsogola atagwira chingwe cha ng'ombe. Tinadutsa pakati pa minda younga kale mizere, youma, yodikira mvula. Fumbi linali lozizira kumapazi. Ngolo ikagunda mzere ndinkamva Ababa akukoka mpweya ndi mano, koma sanadandaule. Ine ndinkayenda pambali ndikuyang'ana pansi, chifukwa ndinali nditatsimikiza mumtima kuti kumwamba sindiyang'anako.

Titafika pachulu, Mayi Kamanga anaimika kamera yawo n'kuiloza kum'mawa. Tochi anaikulunga ndi kansalu kofiira kuti isatithobwe m'maso. Anandifotokozera kuti kujambula mumdima sikuli ngati kujambula paukwati: diso la kamera amalisiya lotsegula nthawi yaitali, munthu n'kumangodikira kuti mwina china chidutsa pamenepo. Ankadina kachingwe, n'kumawerenga chamumtima milomo ikugwedera, kenako n'kutseka, n'kupukusa filimu. A Nyirenda anagona chagada pathumba la feteleza lopanda kanthu, kope ndi pensulo zili pachifuwa, kuti azilemba kamzere pa iliyonse imene aone.

Yoyamba sindinaione. Ndinangomva a Nyirenda akuti, "Iyo!" ndipo misana ya ng'ombe inawala kamphindi n'kuzimanso. Ndinatsinzina kwambiri. Dzanja la Ababa linafika pakhosi panga, lotentha, lopepuka ngati tsamba louma.

"Khosi langali silitembenuka," anatero. "Ine ndiona za kutsogolo. Iwe undionere za kumbuyo kwanga, uzindiuza."

Ndinatsegula maso chifukwa anandituma.

Chimene sindinayembekezere chinali bata lake. Chinthu chachikulu choterocho ndinkaganiza kuti chibwera ndi phokoso ngati mphenzi, koma zinkangong'amba mdima mwakachetechete. Zina zinali zazifupi ngati munthu wakhwatcha machesi. Zina zinkayenda kuchokera kum'mawa mpaka kukazimira cha ku phiri la Kasungu, zobiriwira kumutu, n'kusiya kautsi kowala kamene kankapindika pang'onopang'ono tikukayang'ana. Nthawi zina kunkakhala zii mpaka ndinkamva ng'ombe zikubzikula, kenako zitatu, zinayi nthawi imodzi. Ndinayamba kuwauza Ababa monong'ona, kenako mofuula. A Nyirenda analemba timizere mpaka tsamba kudzaza, ndiyeno anaika pensulo pansi n'kumangoti m'chinenero chakwawo, "Chiuta wane, Chiuta wane." Kudambo, kumene anzathu ankatunga madzi aja, makeni anasiya kulira. Kunamveka mayi wina akufuula, ndipo patapita kanthawi mawu angapo anayamba nyimbo ya kutchalitchi, yapansipansi, ngati ya pamaliro.

Nthawi yonseyi Amayi anali ataima kutsogolo kwa ng'ombe, atatifulatira, nkhope ili kudambo. Ababa anawaitana ndi dzina la mfunda wawo, limene sindinkalimva kawirikawiri. "Nangozo, tabwerani." Anabwera pang'onopang'ono, n'kuima pambali pa ngolo, n'kukonza bulangete limene silinkafunika kukonza. Kenako anakweza maso. Dzanja lawo linakhala paphewa la Ababa mpaka kum'mawa kunayamba kufiira.

Kutayamba kuyera, Mayi Kamanga ananyamula kamera n'kukaiimika kumbuyo kwa ngolo, n'kuitsitsa. A Nyirenda anawauza kuti akatero kumwamba kuchepa, koma iwo anayankha kuti kamera ndi yawo. Anatiuza tonse kuti tiime pafupi ndi Ababa ndipo tisagwedezeke mpaka atanena. Ndinayesetsa, koma ina yaikulu inadutsa ndipo ndinatembenuka kuitsatira.

Tinabwerera dzuwa litatuluka. Ababa anagona tsiku lonse, osadya. Ine ndi Amayi tinatsetsereka kudambo n'kupeza matope, monga tinkadziwira. Tsiku limenelo kunatentha kwambiri, ndipo mabedi awiri a kumtunda, amene dothi lake linali lamchenga, anafota osadzukanso. Amayi anazula mbande zakufazo ndi manja awo n'kuzitaya kunja kwa mpanda. Za usiku uja sanazitchule, kaya modandaula kaya moyamikira. Mvula inabwera patapita masiku khumi ndi angapo, ndipo tinawokera zimene zinatsala, mbali ina ya munda n'kudzalamo chimanga.

Ababa anamwalira fodya atafika m'mawondo. Anali masana, kukugwa mvula yamvumbi, ine ndili kukhitchini ndikukoleza moto ndi nkhuni zonyowa. Usiku wa maliro ndinatuluka kangapo kukayang'ana kumwamba, koma kunali mitambo yokhayokha.

Filimu ija anakaitsukitsa ku Lilongwe a Nyirenda patchuthi, ndipo sukulu zitatsegulidwa anabwera ndi Mayi Kamanga atatenga envelopu. Zithunzi zambiri zinali zakuda bii, ndi timadontho toyera. Pa zitatu panali kamzere kowala kodutsa pakona, ndipo a Nyirenda anazionetsa monyadira, ngakhale kuti kwa ine sizinafanane n'komwe ndi zimene ndinaona. Chomaliza Mayi Kamanga anachipereka kwa Amayi ndi manja awiri.

Nkhope sizinkaoneka, chifukwa kuwala kunali kutsogolo kwathu. Tonse tinali zithunzithunzi zakuda pa thambo lotuwa. Ine ndinali ndi mitu iwiri yosaoneka bwino. A Nyirenda anali ngati utsi wautali, Amayi mapewa awo anali atafufutika, ng'ombe nazonso chimodzimodzi. Ababa okha ndi amene anatuluka bwinobwino: chipewa, khutu, mphuno yoloza m'mwamba, ngakhale ulusi wa m'mphepete mwa bulangete. Nyenyezi yothothoka panalibe ngakhale imodzi. Amayi anachiyang'ana, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa nacho kuchipinda. Anatulukako alendo atapita.

Masiku amenewo ndinkanyadira chithunzicho pa chifukwa changa. Ndinkauza anzanga kuti pa anthu onse aja, kuphatikizapo mphunzitsi wa sekondale, bambo anga okha ndi amene anamvera malangizo n'kukhala osagwedezeka. Ndinkawadandaulanso Mayi Kamanga mumtima, kuti anawononga filimu yomaliza pojambula misana ya anthu pomwe kumwamba kunali zodabwitsa.

Panopa ndapitirira msinkhu umene Ababa anali nawo, ndipo ndakhalapo pambali pa odwala angapo. Ndikudziwa kuti munthu amene wafika pamenepo sagwedezeka chifukwa kugwedezeka kumapweteka. Ndikudziwanso kuti mwa tonse amene tinali pachulu paja, namwino uja ndi amene ankadziwa bwino kuchuluka kwa masiku otsala, ndipo anadziwa chimene tidzafune kuyang'ana m'tsogolo. Ababa sanajambulitsepo chithunzi china m'moyo mwawo kupatula kakang'ono ka pachitupa cha fodya. Ana anga akandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ndimawapatsa chimenechi, ndipo amawadziwa atafulatira, akuyang'ana kumwamba.