Fani ya pabalaza aikwatitsa kwa chigayo cha kukhitchini

Ndapirira zambiri m'moyo wanga, koma zimene andichita Che Yasini, mmisiri wa magetsi wa ku Liwonde, zandikwana.

Mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Joni kamakina komangirira kunsi kwa sinki, kogaya zotsala za chakudya. Sindinakapemphe. Nkhuku zanga zakhala zikugwira ntchito imeneyi mokhulupirika. Koma mphatso ya mwana sakana. Chimene chinkafunika ndi soketi imodzi kunsi kwa sinkiko, ndi swichi yake pakhoma, pamalo pouma. Ndinafotokoza m'Chichewa chomveka, ndinalozanso ndi chala.

Che Yasini analonjeza kufika Lachitatu m'mamawa. Anafika dzuwa lili paliwombo. Anakwera kudenga, natsika ali fumbi lokhalokha, akuti ntchito yatha. Nditafunsa kuti swichi ili kuti, anati ndisadandaule, zonse aziika mwamakono. Tsoka ilo, magetsi anali atazima, choncho sitinayese. Ndinapereka K45,000, iwo ulendo.

Magetsiwo anadzayaka Loweruka. Masana ake kunyumba kwanga kunali mapemphero a mphakati, ndipo Bambo Mfumu anatilemekeza ndi kubwera kwawo. Kutentha kwa kuno ku Balaka mukukudziwa. Titangochita chizindikiro cha mtanda, ndinayatsa fani ya pabalaza. Kukhitchini kunabangula chinthu ngati sitima ikulowa pa siteshoni ya Nkaya. Supuni imene inali itagwera m'makinamo inalira mopempha chifundo. Mayi wina wachikulire anathawira panja n'kusiya nsapato imodzi. Ndinazimitsa fani, kunati zii. Ndinayatsanso, chigayo chija n'kuyambiranso.

Bambo Mfumu anapukuta thukuta, nafunsa modekha: "Amayi, kodi mwatsegula chigayo? Tibweretse chimanga cha kuparishi?"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Kundiseka ine, mphunzitsi amene ndinaphunzitsa ana a amayi omwewo kukhala chete m'kalasi! Korona yonse tinapemphera fani ili chizimire, tikusungunuka ngati makandulo.

Nditawaimbira foni, Che Yasini anati iyayi, palibe cholakwika. Akuti waya wakwera mtengo, ndiye anangolumikiza ku waya wa fani amene anali pafupi kudengako. Swichi imodzi, ntchito ziwiri. Anawonjezera kuti ndiyenera kuwathokoza.

Kodi Che Yasini, kwanuko mukafuna kamphepo mumayamba mwagaya makoko a nthochi? Nanga ndikafuna kugaya zotsala, ndizithamangira pabalaza ndi manja onyowa? Sukulu imene inakuphunzitsani zimenezi ili kuti, ndikaione ndi maso anga?

Tsopano akuti abwera kudzakonza Mulungu akalola. Mulungu analola kalekale. Amene simukulola ndinu. Amayi a mphakati ayamba kale kunditchula kuti Mayi a Pachigayo, ndipo Loweruka likubwerali adzakumananso kwanga. Tsikulo ndikufuna fani yozungulira yokha, mwaulemu, ngati fani za anthu ena onse.

Inu anzanga, mmisiri wa magetsi asamatuluke pageti magetsi asanayake. Akazima mpaka mawa, muyalireni mphasa agone pomwepo.