Njinga Yobiriwira ya Alamu

Alamu anga atabwerako kunkhondo, anafuna njinga yatsopano yobiriwira, pomwe njinga zonse za ku Chiparamba zinali zakuda. Popeza ndinanunkhizako koleji ndisanathawe, anandituma ku Fort Jameson kuti ndikaiitanitse kwa mmwenye m'Chingerezi. Ine woyenda wapansi, nsanje ili pakhosi, ndinaima pakauntala mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Yakuda."

Itafika, ndinapukusa nawo mutu. "Mmwenyeyu samva Chingerezi, alamu."

"Musadandaule," anatero, akundipatsa chitini cha penti ndi burashi. "Dzanja la munthu wophunzira silinjenjemera."

Ndinaipenta ndekha, ndipo mwatsoka inakongola. Lamlungu kutchalitchi atsikana onse anaizungulira, ine ndili poteropo, zikhadabo zili biriwiri.